NTHAWI YOOMBOLEDWA NJA YANI?

M'midzi yozungulira Tamanda, monganso ku Chipata ndi m'madera ena a Cigawo ca Kum'mawa, mwalowa cinthu cimene makolo sanacidziwe, ndico masewera a m'foni. Mnyamata amene kale akadakhala pa mphala madzulo kumva mau a akulu, tsopano akhala pa yekha, nkhope iri pa kagalasi kowala, kufikira tambala woyamba. Ena athamangitsa mpira ndi zala, ena aombera adani osaoneka, enanso aponya ndalama zao pa kandege kouluka kapena pa matimu a ku England. Za iwo ogwidwa ndi masewerawa zanenedwa zambiri. Koma alipo ena amene anatsimikiza mtima, nasiya. Nkhani ino iri ya iwowa, pakuti funso lao liri lobvuta koposa: nthawi imene aiombola ija nja yani? Nja nchito, nja banja, kapena nja mwini wace?

Kukula kwa cuma cobwezedwa

Ayambe munthu kuwerenga. Iye wosewera maora 3 tsiku ndi tsiku ataya maora 1,095 pa caka. Maora amenewa akagawidwa m'masiku a nchito a maora 8, akwana masiku 136 ndi kanthu, ndiyo miyezi inai ndi theka. Mbeu ya cimanga yoikidwa m'nthaka mu Disembala ikhwima m'nthawi yotere. Tsono wosiya masewera walandira dzinja lathunthu m'manja mwace. Cuma cotere sicikhala copanda oculirira, ndipo ocilirira onse ali ndi mlandu womveka.

Cifukwa cace kusiya kuli kowawa

Asapeputse munthu mnzace amene anasiya, ngati kuti anacita kanthu kakang'ono. M'caka ca 2019 bungwe loyang'anira za umoyo pa dziko lonse, World Health Organization, linalemba kugwidwa ndi masewera otere m'buku lace la maina a matenda, ndipo bukulo linayamba kugwira nchito mu Januwale 2022. Zizindikiro zace ziri zitatu: munthu sakhoza kudziletsa poyamba kapena poleka, masewera atsogola, zina zonse za moyo zitsata m'mbuyo, ndipo angakhale aona zoipa zirikumgwera, iye apitirirabe. Si yense wosewera ali wodwala, iai. Koma msampha ulipo ndithu.

Macheredwe a msamphawu anadziwika kale. M'zaka za m'ma 1950 mphunzitsi wa ku Harvard, B. F. Skinner, anayesa nkhunda m'mabokosi. Anapeza kuti nkhunda yolandira cakudya mwa apo ndi apo, yosadziwa kuti kujompha kuti kudzaturutsa njere, ijompha mwacangu ndiponso siileka msanga, ngakhale njere zitatha. Masewera ambiri a m'foni, makamaka a juga, apangidwa pa nzeru yomweyo: mphotho ibwera, koma mwini sadziwa liti, ndipo mtima unena, Kamodzi kokha aka.

Apa pali kusiyana ndi nsolo. Nsolo ifuna mnzako, iseweredwa poyera pansi pa mtengo, ndipo dzuwa likalowa maenje saoneka, osewera nabalalika. Foni siifuna mnzako, siiopa mdima, ndipo iribe mathero. Nsolo inali ndi mpanda wace. Masewera atsopanowa alibe.

Nyumba yosesedwa

Pa Mateyu 12 pali fanizo la mzimu woipa umene unaturuka mwa munthu, ndipo pobwerera unapeza nyumba yosesedwa koma yopanda wokhalamo. Pamenepo unalowanso ndi anzace oipa koposa. Fanizoli limkhudza wosiya masewera. Masabata oyamba madzulo atalika, manja asowa cogwira, mtima ukhala wosungulumwa. Akangoti cete, kudikira kuti cilakolako cife cokha, adzapezeka kumene anacoka, kapena pa mowa, kapena pa makhadi. Pakuti madzi saiwala khwawa. Cifukwa cace funso la kugawa nthawi siliri la mawa. Wosiya ayenera kuliyankha sabata lomwelo wasiya.

Woyamba kugogoda: nchito

Nchito igogoda poyamba, cifukwa njala siidikira. Munda uli ndi malamulo ace osasinthika. Cimanga cobzalidwa mocedwa cicepa; udzu wosapaliridwa m'masabata oyamba udya fetereza amene banja linamgula ndi thukuta; nshawa zosakumbidwa pa nthawi yace zimera kapena kubvunda m'nthaka; thonje losapoperedwa liri cakudya ca mbozi. Wa njinga yonyamula anthu, wa gulosale, mphunzitsi ndi mmisiri, onse ali ndi maora amene sali ao. Pa 1 Timoteo 5 pali cidzudzulo colimba kwa iye wosasamalira a pa banja lace, ndipo mudzi ubvomereza cidzudzulo cimeneco popanda kuwerenga.

Komatu pali cinyengo apa. Munthu wogwidwa ndi manyazi cifukwa ca zaka zotayika afuna kubweza zonse caka cimodzi. Alawira mbandakuca, abwera usiku, atenga ganyu pamwamba pa ganyu. Anthu amtama, koma ana ace samuona, monga sanamuone kale lija. Wasintha mbuye, koma ukapolo ulipobe. Nchito ipatsidwe cakhumi ndi cina ca nthawi yoomboledwa, makamaka m'dzinja. Koma isapatsidwe yonse.

Waciwiri kugogoda: banja

Akulu akumbukira masiku a machona. M'nthawi ya Atsamunda, pamene Chipata inachedwa Fort Jameson, amuna ambiri a dziko lino anapita ku mafamu ndi migodi ya ku Southern Rhodesia, ena ku Joni, ena ku Copperbelt, kukafuna ndalama za msonkho ndi nsaru. Ndipo ena sanabwerere. Akazi anatsala ndi khasu, ana anakula osadziwa nkhope ya atate ao. Wogwidwa ndi masewera ali mchona wa mtundu watsopano: thupi liri pa khonde, mwini wace ali kutali. Mkazi alankhula, iye ayankha ndi mphuno. Mwana aonetsa kope lace, iye ati, Dikira.

Tsono nthawi imene anaitaya siinali yace yokha. Gawo lina analibera a m'nyumba mwace. Ndipo cobedwa cikapezeka, ciyamba kubwerera kwa mwini wace cisanagawidwe. Apa ndipo pagona yankho loyamba la funso lija: banja silipempha mphatso, liitanitsa ngongole.

Ngongole imeneyi siibwezedwa ndi ndalama. Kuyambira Januwale 2022 boma la Zambia linacotsa malipiro m'sukulu zace, ndipo ana ambiri anabwerera m'kalasi. Koma boma silingakhale pa mphasa madzulo kumva mwana alikuwerenga. Imeneyo ndi nchito ya atate ndi amai. Ndiponso banja la kuno silithera pa khomo limodzi. Mwa Acewa mwamuna ali mkamwini kwa apongozi ace, alinso nkhoswe ndi mtsibweni wa mbumba yace. Mwa Angoni ali ndi udindo pa mudzi wa atate wace. Pali maliro, pali odwala ofunika kuwanyamula kunka ku cipatala, pali agogo amene denga lao lidontha. Zimenezi sizilembedwa pa ndandanda, koma zikafika siziyembekeza.

Adziwenso wobwererayo kuti a m'nyumba sadzamkhulupirira tsiku limodzi. Mkazi amene anazolowera kusenza zonse yekha angathe kunena, “Atate ace a mwana, tidzaona mvula ikagwa.” Mau otere asamkwiyitse. Iye amene anacedwa zaka zitatu asadandaule poyesedwa miyezi itatu.

Wacitatu kugogoda: mtima wa mwini

Atsala wacitatu, amene agogoda monong'ona. Munthu ali yense ali ndi kanthu kamene mtima wace ukhumba kupanga: wina khola la nkhuku, wina dimba la tomato ndi repu ku dambo, wina ming'oma ya njuci, wina kuphunzira ukalipentala kapena kusoka, wina kulembanso mayeso amene analephera, wina kuphunzitsa kwaya nyimbo za manotsi. Alipo anthu okhwima amene anena kuti zimenezi ndi kudzikonda, ndi kuti wolakwa ayenera kungogwira nchito ndi kulera ana, osafunanso kanthu ka iye yekha.

Ciweruzo cimeneci cioneka colungama, koma ciri copanda nzeru. Cimene cinamkoka munthu ku masewera sicinali ulesi wokha. Anafuna kuona kuti akhoza kanthu, kuti lero wapambana dzulo, kuti luso lace lirikukula. Njala imeneyi siiri chimo. Inaikidwa mwa munthu pamodzi ndi manja ace. Masewera anaidyetsa gaga; koma kucotsa gaga osaikapo ufa ndiko kubweza munthu ku gaga. Iye womanga khola aona mzere wa njerwa ulikukwera, ndipo cimwemwe cimene anacifuna pa kagalasi acipeza pa cinthu cogwirika, cimene mawa cidzakhalapobe. Kawirikawiri nchito yotereyi isanduka pothawira banja. M'caka ca 2024, pamene mvula inadula ndipo Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza pa 29 Febuluwale kuti cirala ciri tsoka la dziko lonse, nyumba yokhala ndi mbuzi, nkhuku kapena luso la manja inali ndi pogwira pamene munda unakana.

Koma wacitatuyu ali ndi ngozi ziwiri. Yoyamba ndiyo kucuruka. Wosiya kumene, poona nthawi yambiri, ayamba khola, dimba, njerwa ndi maphunziro mwezi umodzi. Ndipo pakutha caka pali maziko anai, denga palibe. Akulu anati mapanga awiri abvumbwitsa. Asankhe cimodzi, acitsirize, pamenepo ayambe cina. Ngozi yaciwiri iri yobisika: nchito ya mtima ingathe kusanduka masewera atsopano. Muyeso wace ndi zizindikiro zitatu zomwe zija. Ngati sakhoza kuleka poitanidwa ku nsima, ngati ndalama za mbeu zalowa m'khola mkazi osadziwa, ngati apsa mtima mwana akamdodometsa, ndiye kuti foni yabwerera itabvala malaya ena.

Mau a wotsutsa

Wina adzati, Nanga mkazi? Iye atunga madzi, atola nkhuni, aphika, alima, alera. Ndani anamfunsa za nchito ya mtima wace? Funso limeneli liri loona, ndipo liwongola nkhani yonse. Nthawi yoomboledwa ikalowa m'nyumba, iri cuma ca nyumba. Mwamuna wolungama akatenga madzulo awiri a ukalipentala wace, aonetsetse kuti mkazi wace ali nayo nthawi ya makina ace osokera, ya cilimba cace, ya sukulu ya akulu. Ndipo pa nthawiyo ana akhale m'manja mwa atate ao. Kumene mkazi ndiye anagwidwa ndi foni, pakuti aliponso otere, lamulo liri lomwelo.

Winanso adzati, Kodi munthu asapumule konse? Apumule ndithu. Tsiku limodzi mwa asanu ndi awiri linapatulidwa kuyambira pa ciyambi, ndipo makolo anadziwa nyengo ya cimwemwe: Angoni asonkhana ku Mtenguleni pa Nc'wala mu Febuluwale, zipatso zoyamba zitaca, Acewa asonkhana ku Mkaika pa Kulamba mu Ogasiti, zokolola ziri m'nkhokwe. Mpira wa pa bwalo, nsolo ya pa Ciweru madzulo, nthano za pa moto, zonsezi zibweza mphamvu. Kupumula koona kudziwika ndi ici: munthu anyamukapo ali wopepuka, ndipo sacita manyazi kunena kumene anali.

Sikelo ndi kalendala

Ambiri alakwa poyesa kuti kulinganiza ndiko kugawa tsiku liri lonse patatu, monga nyama ya pa msika. Moyo wa mlimi suyenda motero, ndipo Mlaliki 3 aphunzitsa kuti zinthu ziri ndi nyengo zao. Cida coyenera siciri sikelo, koma kalendala.

Kuyambira Novembala kufikira Febuluwale munda ulamula. Nchito ya mtima icepe, ikhale ya ora limodzi pa sabata, kuti moto wace usazime. Pa masika, pokolola ndi pogulitsa, banja lonse ligwira pamodzi, ndipo ndiyo nthawi yokhala pansi mwamuna ndi mkazi kupatula ndalama: za mbeu, za ana, ndi kagawo ka nchito ya mtima. M'cirimwe, kuyambira Julayi kufikira Okutobala, njerwa ziumbidwa, dimba lithiriridwa, buku litsegulidwa. Apa wacitatu uja alandire gawo lace lalikuru. Koma banja liribe nyengo, pakuti mwana sakula m'cirimwe mokha. Gawo lace likhale laling'ono kapena lalikuru, koma la tsiku ndi tsiku: nsima yodyera pamodzi, foni iri kutali.

Tsono yankho la funso lija ndi ili. Nthawi yoomboledwa iyamba kubweza ngongole kwa iwo amene anaberedwa. Pambuyo pace icirikiza nchito yodyetsa nyumba. Ndipo kagawo kotsikirako, kodziwika ndi kobvomerezedwa ndi a m'nyumba, kapatsidwe kwa mwini kuti amange naco cinthu cimodzi cokoma. Wosiyayo asayende yekha. Auze mkazi wace, nkhoswe yace, kapena mkulu wa mpingo, pakuti mutu umodzi susenza denga. Akagwa tsiku lina, asataye caka conse cifukwa ca usiku umodzi. Adzuke, abwerere pa mzere pamene analekera.

Masamba a miyezi 12 ali m'buku lino akali oyera. Iye amene waombola maora ace atenge pensulo, akhale pansi ndi a m'nyumba mwace caka cisanapite patali, nalembe pa mwezi uli wonse mwini wace wa madzulo ace.