Singano ya ku Mbombwe

Ine ndine mayi wamasiye, ntchito yanga ndi ya utelala, ndipo ndimakhala ku Falls kuno ku Area 1. Amene mumadutsa m'mamawa kulowera kudepoti mwina munandionapo nditawerama pamakina pakhonde, tepi ili m'khosi. Zaka zanga zadutsa 60. Umboni uwu ndakhala nawo mumtima nthawi yaitali, ndipo amene anauvundukula ndi mdzukulu wanga wa sitandade 5. Tsiku lina kasitomala atandilipira K2000, mwanayu anaitenga nkuloza nkhope ili pamenepo, amvekere: "Agogo, awa si aja anamenyana ndi azungu?" Ndinamuyankha kuti eya, ndi omwewo, a John Chilembwe, koma analinso abusa, ndipo nsima wadya masanayi inachokera kutchalitchi kwawo. Mwana anangoti kukamwa yasa. Usiku umenewo tulo sitinabwere, ndipo ndinadziwa kuti ndili ndi ngongole kwa Mulungu yoti ndifotokoze.

Kwathu ndi ku Chiradzulu. Amene anandilera ndi anganga anga, amayi awo a mayi anga, omwe anabadwira kufupi ndi Mbombwe. Nkhani ya mpingo wathu sindinayambe kuimvera kusukulu ayi, ndinaimvera pamkeka madzulo tikusenda nandolo. Anganga akafika pa dzina la John Chilembwe ankatsitsa mawu, ngakhale kuti azungu anali atapita kale. Chizolowezi cha ubwana wawo sichinawachoke.

Chilembwe anali mwana wa konko. Anagwira ntchito pakhomo pa Joseph Booth, mmishonale amene anafika m'dziko muno mu 1892, ndipo anabatizidwa mu 1893. Mu 1897 Booth anapita naye ku America, komwe anakaphunzira zaubusa ku Lynchburg, m'chigawo cha Virginia, pasukulu ya anthu akuda a Baptist. Pobwera mu 1900 akanatha kukhala ku Blantyre pafupi ndi masitolo ndi misewu yabwino, koma iye anabwerera kumudzi nkupeza malo m'mbali mwa kamtsinje ka Mbombwe. Pamenepo ndi pomwe panayambira Providence Industrial Mission, imene tonse timangoti PIM. Mawu oyambawo amanena za chisamaliro cha Mulungu, ndipo ine dzinali ndaliona likukwaniritsidwa m'nyumba mwanga. Thandizo loyambira linkachokera ku National Baptist Convention, mpingo wa anthu akuda a ku America. Ichi chimandikhudza nthawi zonse ndikachiganizira: ndalama zimene zinatsegula sukulu kwathu zinasonkhedwa ndi ana ndi adzukulu a akapolo, anthu amene makolo awo anagulitsidwa ngati mbuzi pamsika.

Mu 1901 kunabwera abusa a Landon Cheek kudzathandiza, ndipo mu 1902 kunafika mayi wina dzina lake Emma DeLaney. Mayi ameneyu, pamodzi ndi Ida mkazi wa Chilembwe, ankasonkhanitsa amayi ndi atsikana kuwaphunzitsa kusoka. Mmodzi mwa atsikanawo anali mayi wa anganga anga.

Anganga ankaifotokoza nkhaniyi ngati analipo. Amati amayi awo anali ndi nsalu imodzi yokha ya biriwita, yomwe ikachapidwa ankadikira kuseri kwa nyumba kuti iume. Manja awo anazolowera khasu ndi munsi, ndiye tsiku loyamba kugwira singano inkangowapulumuka. Kulowetsa ulusi pa kabowo kaja kunawatengera m'mawa wonse. Anadzibaya chala mpaka kansalu kophunzirira kanadetsedwa ndi magazi, ndipo anafuna kuthawa chifukwa cha manyazi. Mayi DeLaney anawagwira dzanja, nkuliyendetsa pang'onopang'ono pansalupo, kulowetsa ndi kutulutsa, kufikira mzere unawongoka. Akatha kusoka ankapemphera, kenaka nkuphunzira zilembo. Umu ndi momwe Yesu analowera m'banja mwathu, ndipo analowa ndi singano m'manja.

Mpingo unakula, masukulu anafalikira m'midzi, ndipo Akhristu anaumba okha njerwa, amayi akutunga madzi pamutu, mpaka tchalitchi chachikulu chinatha mu 1913. Zinali zaka zowawa. Kunali njala, kunali msonkho, kunalinso thangata m'minda ya azungu. Ku Magomero, pa esiteti ya A. L. Bruce, mzungu woyang'anira malowo, William Jervis Livingstone, ankatentha tinyumba topemphereramo ta anthu a PIM. Nkhondo ya 1914 itayamba, Chilembwe analemba kalata ku nyuzipepala ya Nyasaland Times yodandaula kuti anthu akuda akukafera nkhondo yomwe si yawo. Usiku wa Loweruka pa 23 Januwale 1915 anthu ake anaukira. Magazi anakhetsedwa, Livingstone ndi azungu ena anaphedwa, ndipo ine monga Mkhristu sindilankhula zimenezi mosekerera. Anganga nawonso akafika pamenepa ankangopukusa mutu nkunena kuti woweruza ndi Mulungu yekha. Pa 3 Febuluwale Chilembwe anawomberedwa. Otsatira ake ena ananyongedwa, ambiri anaponyedwa m'ndende, ndipo boma linaphulitsa tchalitchi chija.

Anganga anali kamtsikana nthawi imeneyo. Ankakumbukira kuthawa usiku, amayi awo atabereka khanda, midzi ikuyaka kumbuyo. Mbuzi, mbiya ndi nkhokwe zonse zinatsala. Chomwe amayi awo anamanga pamfundo ya nsalu ndi singano ziwiri ndi kampukutu ka ulusi.

Kwa zaka 11 mishoni inali yotsekedwa, ndipo munthu kudziwika kuti ndi wa PIM kunali kudziitanira mavuto. Apa ndi pomwe anganga ankakhalitsa pofotokoza, ndipo inenso ndi pomwe mtima wanga umakhala. Amati usiku anthu akagona, amayi awo ankatseka chitseko, nkuzimitsa moto, mabanja awiri kapena atatu nkukhala mumdima. Wina ankanena pamtima mawu a m'Baibulo amene ankawakumbukira, wina nkupitiriza pomwe mnzake waiwala. Nyimbo ankaimbira kukhosi, milomo ili chitsekere, kuopa akazitape. Ana ankauzidwa kuti kukacha asanene kanthu kudambo. Kunalibe belu, kunalibe guwa, kunalibe mbale ya chopereka, koma anganga ankanenetsa kuti mapemphero otentha ngati amenewo sanawamvenso moyo wawo wonse. Masana amayi awo ankasokera anthu zigamba posinthana ndi chinangwa kapena nandolo, ndipo ndi m'zaka zomwezo anganga anaphunzira kugwira singano.

Mulungu anali atakonzeratu munthu kutali. Emma DeLaney ali ku Mbombwe ankasunga mnyamata wina, Daniel Malikebu. Mayiyu atabwerera kwawo, mnyamatayo anamulondola mpaka ku America, ndipo anakaphunzira udokotala ku Meharry Medical College ku Nashville. Mu 1921 anabwera ndi mkazi wake Flora kuti adzatsegule mishoni, koma boma la atsamunda linamukaniza, ndipo anakatumikira ku Liberia. Mu 1926 analoledwa. Anganga amati uthenga utamveka, anthu amene ankaoneka ngati anaiwala kalekale anatulukira mbali zonse, ena akulira poyera m'njira. Njerwa zinaumbidwanso, ndipo tchalitchi cha New Jerusalem chomwe chili pa Mbombwe lero chinamangidwa ndi manja a anthu omwewo. Anganga anabatizidwa nthawi imeneyo, atakula kale, pomizidwa m'madzi monga mwa mwambo wathu.

Tsopano ndinene zanga. Ndinakwatiwa mu 1983 nkubwera ku Lilongwe, komwe bambo a kunyumba ankagwira ntchito ya ukalaliki. Pa ukwati mayi anga anandipatsa makina opukusa pamanja, akalekale, amene iwo anagula atasunga ndalama za zigamba zaka zambiri. Ndinene zoona pamaso pa Mulungu: ndinawanyoza. Ndinali mkazi wa munthu wa pantchito, zovala tinkagula m'masitolo a amwenye ku Old Town, ndipo makinawo ndinawakankhira kunsi kwa bedi. Kutchalitchi ndinkangopita pa Khirisimasi ndi pamaliro.

Mu 1999 bambo anamwalira atadwala miyezi isanu. Tisanachotse nkomwe zovala za maliro, achibale awo anabwera ndi lole. Anatenga mipando, firiji, wailesi, bedi, mpaka mapoto. Ndinaima pakhomo ndi ana anayi ndikuonerera. Mlamu wanga wina anakoka makina aja, nkuona dzimbiri, amvekere: "Chakutha ichi, musiyireni." Nyumba inali ya kuntchito, ndiye patapita miyezi yochepa tinatuluka. Ndi momwe ndinapezekera m'kachipinda kamodzi ku Falls, ana akugona pamakatoni.

Ndinamukwiyira Mulungu. Kwa miyezi ingapo sindinagwade ngakhale kamodzi. Tsiku lina mayi wina wachikulire wa mpingo wa Baptist, amene ankayendera odwala m'dera lathu, anagogoda pakhomo. Ataona makinawo pakona anati: "Achemwali, kodi mumasoka? Bulauzi yanga ya kumpingo yang'ambika m'khwapamu." Ndinayankha kuti ndinasiya kalekale. Iwo anangoisiya pampando nkunena kuti abwera Lachinayi.

Usiku umenewo ndinawapukuta makinawo ndi palafini, nkudontheza mafuta ophikira m'timabowo chifukwa a makina ndinalibe. Poyamba chogwirira chinkakana, kenaka chinayamba kuzungulira, ndipo phokoso lija litamveka ndinaona ngati anganga akhala pambali panga pamkeka. Manja anga anakumbukira okha zomwe mutu unaiwala. Ndinasoka bulauziyo misozi ikugwera pansalu, ndipo nditamaliza ndinagwada pasimenti pomwepo. Pemphero langa linali lalifupi: ndinapepesa, nkupempha kuti ana anga asafe ndi njala.

Lachinayi mayi aja anabwera, analipira, ndipo sabata yotsatira anabwera ndi anzawo atatu. Ndinayamba kupemphera nawo. Abale a Baptist amenewa muzu wawo ndi wina, wochokera kwa amishonale a Southern Baptist omwe anafika m'dziko muno mu 1959, koma nditawauza kuti ndine mwana wa ku Mbombwe anandilandira ndi manja awiri. Abusa atalalikira tsiku lina za Dorika wa ku Yopa, mayi uja wa m'buku la Machitidwe amene ankasokera amasiye zovala, ndinalephera kudzigwira. Ndinamva kuti ntchito ya manja anga Mulungu amaidziwa.

Mayeso aakulu anabwera ndi njala ya 2002. Amene munali mu Lilongwe mukukumbukira mizere ya chimanga, anthu akugona pamzere, ena akudya madeya. Panalibe wosoketsa chovala chatsopano. Matelala anzanga amene ankangodziwa masuti ndi madiresi a ukwati anapachika masizasi. Koma anthu akasauka zovala zimang'ambika, ndipo luso lomwe anganga anandiphunzitsa linali lomwelo la zigamba: kutembenuza kolala yoperepeseka, kutsekera bondo la buluku, kudula diresi ya mayi kuti ikwane mwana. Ena ankalipira mbale ya ufa, ena mulu wa bonongwe, ena ankangoti Mulungu akudalitseni. Sindinganame kuti sitinagonepo ndi njala, tinagona nayo ndithu. Koma ana anga onse anayi anatuluka m'chaka chimenecho ali moyo, ndipo palibe anasiya sukulu. Lero wina ndi mphunzitsi, wina ndi namwino, wina amayendetsa galimoto, ndipo wotsiriza amasoka nane limodzi. Tili ndi makina opalasa ndi ena a magetsi, koma magetsi akazima timatulutsa akale aja, ndipo amasoka bwinobwino.

Chaka china ndinasunga ndalama ya basi nkupita ku Mbombwe pa 15 Januwale, tsiku lokumbukira Chilembwe. Kunali khamu, makwaya ndi akuluakulu a boma, ndipo zolankhula zambiri zinali za ufulu wa dziko. Nzoyenera, sindikutsutsa. Mwana wanga anandionetsanso pafoni chiboliboli cha Chilembwe atavala chipewa, chomwe Samson Kambalu anapanga ndipo chinaimikidwa ku Trafalgar Square ku London mu 2022, ndipo ndinanyadira. Koma chimandipweteka kuti amayi amene anasunga mpingo mumdima zaka 11 satchulidwa pamwambo uliwonse. Mwambo utatha ndinapatuka ndekha, ndinavula nsapato pafupi ndi pomwe panali tchalitchi choyamba, nkuthokoza Mulungu chifukwa cha mtsikana uja anadzibaya chala koma osathawa, ndi chifukwa cha mlendo amene anawoloka nyanja kudzamugwira dzanja.

Inu amene munachokera m'mipingo ya kumudzi, kaya ndi ya udzu kaya ya malata, pitani mukafunse agogo anu akadali moyo kuti anaiyamba ndani, ankapemphera pansi pa mtengo uti, anavutika bwanji, ndipo mulembe. Ine anganga anapita ndisanawafunse zambiri, ndipo zimandiwawa mpaka lero. Ndipo ngati mukudziwa mtsikana amene wasiya sukulu, kapena mayi wamasiye amene akusowa pogwira kuno ku Area 1, mubwere naye. Loweruka lililonse 2 koloko masana ndimaphunzitsa kusoka kwaulere pakhonde panga, ndipo timayamba ndi pemphero. Asavutike kugula kanthu, singano ndi ulusi ndili nazo.