Wagunda Mnzake Ndani?

Pamalo a ngozi, anthu asanaone n'komwe ngati wovulala akupuma, funso limakhala litatuluka kale: "Wagunda mnzake ndani?" Ine funsoli limandisowetsa tulo, chifukwa sayansi ya kugundana kwa zinthu ilibe nalo yankho.

Mu 1668 bungwe la Royal Society ku London lidafuna kudziwa chomwe chimachitika zinthu ziwiri zikawombana. Mmodzi mwa omwe adayankha, Christiaan Huygens wa ku Holland, ankayerekeza munthu ali m'bwato loyenda akugundanitsa mipira iwiri, wina akuonerera ali kumtunda. Mpira womwe wam'bwato akuti ukuyenda, wakumtunda atha kuuona utangoima. Onse akunena zoona. Ndiye wagunda unzake ndi uti? Isaac Newton, mu 1687, adaonjezera kuti chinthu chikakankha chinzake, nacho chimakankhidwa ndi mphamvu yofanana. Lole ikagunda njinga, njinga nayo yagunda lole. Ndendende.

Eti ndendende! Tiyeni tiwerengetsere, awerengi. Lole ya makilogalamu 10,000 ikuthamanga makilomita 60 pa ola mumsewu wa M1, n'kupeza wakabaza ataima, iye ndi njinga yake makilogalamu 100. Ikamukokolola, onse amapitirira limodzi pa liwiro la 59.4. Lole yataya 0.6 basi, dalaivala mwina angomva ngati waponda mwala. Mnzathu uja wachoka pa 0 kufika pa 59.4 nthawi yomweyo, ndipo nthiti sizidalengedwere zimenezo.

Apa mpomwe ndimakangana ndi anzanga okonda kuweruza kuti "onse ngolakwa". Nthawi zina n'zoona ndithu, monga zililinso zoona kuti mphamvu zidali zofanana. Koma kufanana kotereku n'komwe amabisalako wamkulu aliyense: bwana akayambana ndi wantchito, bambo amene wamenya mkazi wake n'kumati "nayenso anandikankha". Masamu oti kukankhana n'kofanana ndi omwewonso akutiuza amene apite kumanda.

Pofuna kuyerekeza kugundana pakompyuta, akatswiri amalowetsamo kulemera, liwiro, ndi nambala ya pakati pa 0 ndi 1 yosonyeza mmene zinthuzo zinjanjire. Mulibe malo olembapo yemwe adamuona mnzake akadali patali, kapena yemwe adali ndi mabuleki koma n'kusankha hutala. Liwiro likawirikiza kawiri, mphamvu yophwanya imawirikiza kanayi, ndipo pa awiri aja woponda moto adali mmodzi yekha.