Kodi Mbaula Yokonzedwanso Ikali Yomweyo?

Mwezi uno tifuna kulingalira pamodzi funso limene linasautsa anzeru akale, ndipo kufikira lero silinathe. Funsolo ndi ili: cinthu cakale cikaonongeka, ndipo munthu acikonza, nacotsa ziwalo zina, naikapo zina, kodi cikali cinthu comweco, kapena casanduka cina? Pakumva koyamba funsoli likhala ngati mwambi wa ana, koma m'kati mwace muli mlandu wa coonadi ndi bodza. Kuti tilione bwino titenga citsanzo ca ku America, kumene kuli anthu amene amasonkhanitsa mbaula zakale zoocherapo nyama, nazikonzanso.

Tiyambe tafotokoza za mbaulazo. M'caka ca 1952 munthu wina dzina lace George Stephen, wogwira nchito pa kampani ya zitsulo ya Weber Brothers Metal Works m'mzinda wa Chicago, anatopa nako kuocha nyama pa moto wa poyera, pakuti mphepo inkaulutsira phulusa pa cakudya, ndipo mafuta akadonthera pa makala moto unkalilima nupsereza nyama. Pa kampani imeneyo ankapanga mipira yaikuru yacitsulo yoyandama pamadzi, yolangiza amalinyero njira. Iye anatenga mpira umodzi naudula pakati. Theka lace analiyesa mphika wa makala, naliikira miyendo itatu, nalipangira cibvundikiro cobulungira, naboola mabowo a mpweya. Mpweya ulowa pansi, upyola pa makala, nuturuka pamwamba. Munthu akacepsa mabowo moto ufatsa, akawatsegula moto ukula. Ndipo cibvundikiro cibwezera kutentha pa nyama mbali zonse. Eni ace amaicha mbaula imeneyi ndi mau otanthauza ketulo, ndipo yodziwika koposa iri ndi masentimita 57 m'mimba mwace.

Popita kwa zaka mapangidwe ace anasinthika pang'ono pang'ono. Zogwirira zoyamba zinali zacitsulo, pambuyo pace zinadza zamtengo, ndipo potsiriza zapulasitiki. Mbaula zakale ziri ndi tizitseko titatu tozungulira pansi pa mphika. Za pambuyo ziri ndi cogwirira cimodzi cotembenuza timasamba tacitsulo titatu, timene titseka mabowo ndi kusesa phulusa. Citsulo ca mphika ndi ca cibvundikiro anacikuta ndi galasi losungunula pa moto waukali, lakuda kapena lofiira kapena la maonekedwe ena. Galasilo likasweka dzimbiri lilowa, ndipo utoto wamba sungathe kulibwezera monga linaliri. Kuyambira caka ca 1979 kampani inayamba kudinda lemba pa kacitseko ka mpweya ka pa cibvundikiro: A ndiye 1979, B ndiye 1980, ndi ena motsatana.

Tsono anthu osonkhanitsa aja amaziphunzira zonsezi monga mwana wa sukulu aphunzira masamu. Akapeza mbaula yakale yotayidwa kuseri kwa nyumba, yopanda cogwirira, mwendo umodzi wopindika, ndi mbale ya phulusa yotayika, safuna kuikapo ziwalo za lero zogula m'sitolo. Afunafuna cogwirira ca zaka zomwezo, njinga za zaka zomwezo, ngakhale timisomali topota ta zaka zomwezo. Kawirikawiri ziwalo zotere azicotsa pa mbaula yina yakale imene yaonongeka koposa. Motero kuti imodzi iuke, yina iphwasulidwa. Ife sitiwanyoza anthu awa. Kuleza mtima kwao ndi kwabwino, ndipo munthu wopulumutsa cinthu ku dzala aposa iye wotaya msanga. Koma nchito yao itifikitsa pa funso lathu: mbaula imene mphika wace ucokera ku nyumba yina, cibvundikiro ku nyumba yina, ndi miyendo ku nyumba yinanso, kodi tiiyese mbaula iti?

Agriki akale analidziwa funso ili. Mlembi wao Plutarch asimba kuti anthu a ku Athens anasunga ngalawa ya Theseus, ngwazi ya makolo ao, ngalawa ya nkhafi makumi atatu, kufikira masiku a Demetrius wa ku Phalerum, amene analamulira mzindawo kuyambira caka ca 317 kufikira 307 Kristu asanabadwe. Thabwa likaola ankalicotsa naikapo latsopano. Ndipo anzeru anagawikana: ena anati ngalawa ikali yomweyo, ena anati iai. Patapita zaka zambiri, m'caka ca 1655, Mngelezi Thomas Hobbes anaonjeza mfundo yina pa cingweco. Anati tiyerekeze kuti munthu wina anatola matabwa akale onse pamene anali kucotsedwa, nawasunga, nawalumikizanso monga analiri poyamba. Pamenepo pakhala ngalawa ziwiri: yina iri ndi matabwa enieni, yina yakhala padooko masiku onse ndi dzina lace losadukiza. Nanga ya Theseus ndi iti?

Ifenso ticidziwa cinthu ici m'manja mwathu. Munthu anena, Khasu ili ndi la atate wanga. Koma mpini anausintha katatu, ndi citsulo anacisintha kamodzi. Palibe amuyesa wabodza, pakuti tonse tidziwa kuti mpini umathyoka ndi citsulo cimatha. Ponena za khasu la atate wace, iye anena za dzanja limene linampatsa ndi za munda umene unalimidwa.

Pamenepa tiona kuti mau akuti “comweco” asenza akatundu atatu. Nthawi zina atanthauza kuti zipangizo ndi zomwezo. Nthawi zina kuti maonekedwe ndi nchito ndi zomwezo. Nthawi zina kuti mbiri yace siinaduke. Pa cinthu cosakhudzidwa, zitatuzi ziyendera pamodzi, ndipo palibe afunsa kanthu. Pa cinthu cokonzedwa zilekana, ndipo munthu ali yense agwira cimene acifuna. Wofuna kuocha nyama asamala za nchito. Mwana wosunga mbaula ya atate wace asamala za mbiri. Wosonkhanitsa asamala za zipangizo. Cifukwa cace anzeru sanamvane za ngalawa ija: anali kuyankha mafunso atatu pamene anayesa kuti liri limodzi.

Koma ngakhale anzeru atsutsane kufikira mawa, wokonza mbaula sakhala wopanda lamulo. Lamulo lace ndi ili: kusintha ciwalo si bodza, koma kubisa kuti wacisintha ndiko bodza. Taonani umo lemba lija la caka lingasandukire mboni yonama. Lembalo likhala pa cibvundikiro. Munthu akatenga cibvundikiro ca lemba A naciika pa mphika wa caka cina, lembalo linena zoona za cibvundikiro, koma wogula aliyesa lonena za mbaula yonse. Wogulitsa akakhala cete, pakamwa pace sipanaturuke bodza. Komatu waika citsulo kuti cimnamire, ndipo iye adziwa cimene mnzace ali kuganiza. Munthu wotere wanyenga, monga momwe anyenga iye amene aika cimanga cabwino pamwamba pa dengu ndi cofumbwa pansi. Makolo anati, Cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyerere.

Kapena wina adzatsutsa nadzati, Kodi wogulayo wataya ciani? Ziwalo zonse ndi zakale, zonse ndi za kampani imodzi, nyama ipsa bwino lomwe, ndipo iye sadzazindikira masiku onse a moyo wace. Mau awa ali ndi mphamvu, ndipo tiyenera kuwayankha mosathamanga.

Coyamba, akadafuna kuocha nyama kokha akadagula mbaula yatsopano. Ndalama zimene waonjezapo walipira cifukwa ca mbiri, poyesa kuti cinthu ici cinaturuka m'nyumba yosulira ciri cotero, nicipyola zaka zonsezi ciri camphumphu. Ngati mbiriyo palibe, walipira cinthu cimene sanalandire. Ndipo kusadziwa kwace sikucepsa mlandu, pakuti wobedwa usiku ali m'tulo wabedwa ndithu.

Caciwiri, coipaco sicithera pa munthu mmodzi. Osonkhanitsa adziwa zaka za mbaula zopanda lemba, zimene zinapangidwa cisanafike caka ca 1979, pakuyerekeza yina ndi inzace: cogwirira cotere ciyenda ndi miyendo yotere, ndi tizitseko totere. Mbaula iri yonse yosasinthidwa ikhala ngati mboni. Tsono ikalowa pakati pao mbaula yosakaniza yoyesedwa yeniyeni, iphunzitsa onse zolakwa, ndipo iwo a m'tsogolo adzakonza zao potsata citsanzo conama. Bodza limodzi lidetsa citsime cimene anthu ambiri amwamo.

Cacitatu, ngakhale kufanana kutakwanira bwanji, wokonzayo adziwa yekha cimene anacita. Luso lace likamakula, ndi mphamvu yace yakunyenga ikula pamodzi. Mmisiri wosadziwa nchito sangathe kunamiza munthu, pakuti cigamba cace cioneka patali. Koma mmisiri waluso, amene angathe kusema cogwirira catsopano nacidetsa kuti cioneke ngati ca zaka makumi asanu, ndiye afunika kukhala ndi mtima woongoka koposa.

Anthu osamala nyumba zakale za mbiri anaufika mlandu womwewu. M'caka ca 1964 anasonkhana m'mzinda wa Venice, nalemba pangano la kakonzedwe ka nyumba zotere. Mwa zina anagwirizana kuti cimene ciikidwa m'malo mwa cotayika ciyenerane ndi nyumba yonse, koma cikhale cozindikirika kuti ndi coonjezedwa, kuti kukonzako kusanamize umboni wa mbiri. Mbaula ndi cinthu cacing'ono poyerekeza ndi nyumba za mafumu, koma coonadi sicisintha ndi kukula kwa cinthu. Wokonza mbaula angathe kucita comweco ndi pepala limodzi: alembe kuti mphika ndi cibvundikiro anazipeza pamodzi, miyendo anaitenga pa mbaula yina ya zaka zomwezo, cogwirira anasema mmisiri wa lero. Pepalalo liyende ndi mbaula kuli konse imuka. Kapena mtengo wace udzatsika pang'ono. Koma kutsikako ndiko kuonetsa kuti ndalama zinazo sizinali zace.

Ndipo potero ulemu wa wokonza suchepa konse. Iye wobisa dzanja lace adzimana yekha ciyamiko, pakuti nchito yace yonse ya miyezi yambiri aipereka kwa mwai, monga ngati cinthuco cinangopulumuka cokha. Koma iye wonena poyera kuti, Ici ndinacipeza cakufa, ndipo ndinacita cakuti ndi cakuti, aonjeza dzina lace pa mbiri ya cinthuco, ndipo mbiriyo ikhala yaitali ndi yoona.

Cifukwa cace, abale, tikafunsidwa ngati mbaula yokonzedwanso ikali yomweyo, tiyankhe kuti, Mwa zina inde, mwa zina iai. Ndipo tifotokoze bwino zimene ziri za inde ndi zimene ziri za iai. Tikonze zinthu zakale ndi cangu conse, tifunefune ciwalo coyenera ngakhale citatenga caka; koma tsiku lakupereka cinthuco m'manja mwa wina, tiloze ndi cala paliponse pamene tinagwira, tisanalandire ndalama zace.