Kodi N'chilungamo Kuvula Nsapato Chifukwa cha Kulakwa kwa Wina?

Ngati munakwerapo ndeke ku America zaka zapitazi, mzere uja mukuukumbukira. Lamba m'thireyi, nsapato m'thireyi, botolo la madzi m'bini, inu mwaima ndi masokosi okha, pena sokosi yakenso yobooka. Mumtima mukungoti, "Ine ndalakwa chiyani? Ndikuoneka ngati chigawenga ine?"

Nkhaniyi inayamba pa 22 December 2001. Richard Reid wa ku Britain anakwera ndeke yochoka ku Paris kupita ku Miami atabisa bomba m'nsapato. Anayesa kuliyatsa ndi machesi, koma ogwira ntchito m'ndekemo ndi apaulendo anzake anamugwira. Kuyambira 2006, bungwe la TSA, loona za chitetezo pa mabwalo a ndeke ku America, linalamula kuti apaulendo azivula nsapato. Munthu mmodzi anavulitsa nsapato anthu miyandamiyanda. Paja akuluakulu amati nsomba ikawola imodzi, zonse zawola.

Nanga n'chilungamo chimenechi? Kudandaula kwanu kuli ndi maziko, chifukwa kukayikiridwa usanalakwe kumawawa. Koma taganizirani izi: wofufuza uja saona mumtima. Asankhe pati? Afufuze aliyense, kapena azisankha poyang'ana nkhope, khungu, dzina ndi pasipoti. Inu amene mwanyamula pasipoti ya Zambia, mukanakonda iti? Akamasankha ndi maso, olemera ndi otchuka amangodutsa, otsala kumbuyo ndi alendo. Pamzere wa onse, wa suti ndi wa patapata amaima pamodzi. Manyazi ogawana amapepuka kusiyana ndi osenzetsedwa anthu ochepa.

Izi sizikutanthauza kuti lamulo lisamafunsidwe ayi. Mu July 2025 boma la America linachotsa lamulo la nsapatoli, ponena kuti njira zofufuzira zapita patsogolo. Amene ankafunsa sanalakwe. Koma kufunsa lamulo ndi kukalipira wolitsata ndi zinthu ziwiri zosiyana. Mayi uja waima pa makina kuyambira m'mamawa sanalembe lamulolo, ndipo akalekerera chinthu chimodzi, oyamba kuvulala ndinu ndi mwana amene ali pampando wapafupi.

Ndiye sabata ino, kaya ndi pa bwalo la ndeke, pa rodibuloko kapena pakhomo la banki, akakuuzani kuti tsegulani chikwama, tsegulani. Apatseni moni. Ngati pali dandaulo, kaliperekeni kwa amene ali ndi mphamvu yosintha lamulo. Ulemu wanu suli m'nsapato, uli m'mawu amene mumayankhula mutazivula.

Muyende bwino, okondedwa.