Chigayo Chalowa M'kalasi

Pali funso limene ndifuna tilisinkhesinkhe pamodzi, anzanga a m'bwalo lino la alembi. Ntchito yobwerezabwereza ikachotsedwa m'manja mwa munthu n'kuperekedwa kwa makina, kodi munthuyo wapepukidwa kapena waberedwa? Ndifunsa monga mphunzitsi wa Chichewa, mwana wa kwa Msakambewa ku Dowa, pakuti gawo lalikulu la ntchito yathu ndi kubwereza.

Chiyambire pamene Robert Blake anatsegula mishoni ya Kongwe mu 1894, ana a m'mapiri muno akhala akuphunzira kuwerenga mwa njira imodzi. Mphunzitsi aloza pabolodi nati "a, e, i, o, u," ana navomera. Mawa chimodzimodzi, mkuja chimodzimodzi. Madzulo asenza mulu wa makope nachonga liwu lomwelo mpaka nyali kutha mafuta. Boma litachotsa fizi ku pulayimale mu 1994, chiwerengero cha ana chinachoka pa 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni, ndipo kalasi ya ana 100 inaleka kudabwitsa anthu. M'kalasi yotere mwana angathe kutha sabata yathunthu popanda womumva akuwerenga payekha.

Maganizo oti makina asenzeko katundu ameneyu si atsopano. Mu 1953 B.F. Skinner wa ku Harvard, atakacheza m'kalasi ya mwana wake, anaona kuti ana amadikira nthawi yaitali asanadziwe ngati akhoza kapena alakwa, ndipo anayamba kupanga makina oyankha mwana pomwepo. Kwathu kuno inayamba ndi wailesi: mu 2008 pulogalamu ya Tikwere inayamba kumveka m'makalasi kudzera pa MBC. Mu 2013 bungwe la onebillion la ku London, pamodzi ndi VSO, linayesa matabuleti pasukulu ya Biwi ku Lilongwe. Tsono mu 2023 boma linakhazikitsa BEFIT, ndi cholinga chakuti ana a Sitandade 1 mpaka 4 m'sukulu zonse za boma aziphunzira kuwerenga ndi masamu pa matabuleti otchajidwa ndi mphamvu ya dzuwa. Mwana avala zomvera m'makutu, tabuleti itchula liwu, iye akhudza lembo, ndipo auzidwa nthawi yomweyo ngati wakhoza. Akalakwa, makina amubwezera pomwe anaphonya, kakhumi ngakhale kasanu ndi kawiri, osakweza mawu.

Pofuna kuimvetsa nkhaniyi, ine ndimaganiza za chigayo. Amayi athu ankadzuka m'bandakucha kukonola ndi kusinja, manja kuchita matuza. Chigayo chitafika pamsika, palibe mayi amene analira maliro a munsi. Ndipo munthu amene angaimirire lero kuuza amayi a ku Ntchisi kuti abwerere kumtondo chifukwa kusinja ndi mwambo wathu, ayenera kuyamba iye kugwira munsiwo. N'chimodzimodzi ndi ife. Mphunzitsi amene achonga makope 100 pausiku umodzi sakuchita chinthu chopatulika ayi. Akungotopa, ndipo pofika kope la 60 maso ake aona malembo koma mtima wake wagona kale. Kumulanda ntchito imeneyo ndi chifundo.

Komabe pamtondo sipankatuluka ufa wokha. M'pamene mtsikana ankaphunzira kwa akuluakulu, m'pamene mkazi wozunzika ankaimba dandaulo lake mokuluwika, mudzi wonse n'kumva popanda kuitana bwalo. Chigayo chinatenga kusinja, ndipo mosadziwa chinatenganso malo amene madandaulo ankatulukira. Palibe amene anakonza zoipa. Kungoti amene anawerengera phindu la chigayo anawerenga ufa wokha, chifukwa ufa ndiwo umayezeka pa sikelo.

Motero ndiona kuti m'ntchito ya mphunzitsi muli kubwereza kwa mitundu iwiri kumene kumayendera limodzi ngati nyemba ndi chimanga m'munda umodzi. Kwina ndi kwa dzanja ndi pakamwa: kutchula, kuchonga, kuitana maina, kulemba malikisi m'kaundula. Kumeneku makina atenge ndithu, ndipo adzakuchita bwino kuposa ife. Kwinaku ndi kumene mphunzitsi amadziwira mwana. Poitana maina m'mawa uliwonse m'pamene umazindikira kuti mtsikana uja wajomba masiku atatu nthawi yosoka fodya. Pochonga makope m'pamene umaona kuti mnyamata amene ankalemba mwaukhondo wayamba kulemba mokhotakhota, n'kufufuza, n'kupeza kuti saona bwino pabolodi kapena kuti kwawo kwagwa zovuta. Makina angathe kuwerenga masiku amene mwana wajomba, inde, koma sangakwere phiri kukaonana ndi amalume ake.

Ena amatamanda matabuleti kuti ndi oleza mtima kuposa aphunzitsi. Ine sindivomera kuti kumeneko n'kuleza mtima. Kuleza mtima n'kwa munthu amene akadatha kupsa mtima koma wadzigwira, amene ali ndi kwina kopita koma wakhala. Mwana akaona mphunzitsi wotopa akumubwerezera liwu kachisanu, aphunzira liwulo, naphunziranso kuti iye ndi munthu woyenera kumutayira nthawi. Phunziro lachiwirili silili pa silabasi, koma ndilo limasunga ana ambiri pasukulu. Tabuleti sitaya kanthu pobwereza, choncho phunziro limeneli singalipereke.

Palinso nkhani ya chinenero chenichenicho. Chichewa chinakhala chinenero cha dziko mu 1968, ndipo Chichewa Board, imene inakhazikitsidwa mu 1972, inaika malamulo a kalembedwe. Malamulo ndi ofunika, koma pakamwa pa anthu Chichewa si chimodzi. Mwana wa ku Dowa, wa ku Nkhotakota ndi wa ku Mulanje satchula mawu onse mofanana. Mphunzitsi wanzeru amauza mwana kuti, "Agogo ako sanalakwe, koma m'buku timalemba chonchi." Makina amadziwa mayankho awiri okha, kukhoza ndi kulakwa. Pakapanda munthu pambali pake, mwana angakule akuganiza kuti chinenero cha kwawo ndi cholakwa chimene sukulu inabwera kudzachiza.

Ndiye funso langa lija ndiliyankha motere. Kupepukidwa kapena kuberedwa sikuli m'makinamo. Kuli pa nthawi imene makinawo apulumutsa, ndi amene aitenga. Ngati ola limene mphunzitsi ankachongera makope libwerera kwa iye kuti akhale pansi ndi ana asanu otsalira, amve nthano zawo, awalembetse kalata yeniyeni yopita kwa munthu weniweni, ndiye kuti tapindula tonse. Koma ngati tsiku lina wina mu ofesi adzati, "Poti matabuleti alipo, kalasi ya ana 100 ikhale choncho, aphunzitsi atsopano adikire," pamenepo tidzakhala titagulitsa ng'ombe kuti tigule goli. Ana a anthu olemera m'tauni adzakhala ndi makina ndi mphunzitsi yemwe, pamene ana a kwa Msakambewa adzatsala ndi makina okha, ndipo tidzauzidwa kuti chimenecho n'chitukuko.

Ife aphunzitsi tilinso ndi mbali yathu. Nthawi yopepukidwa ingathe kuthera pansi pa mtengo, tikucheza za mitengo ya feteleza, ana ali zii ndi zomvera m'makutu. Kalasi yachete imanyenga. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Makomiti a sukulu, mafumu ndi makolo akamafunsa kuti matabuleti afika angati, azifunsanso kuti mphunzitsi wamva ana angati akuwerenga ndi pakamwa pawo sabata ino. Yankho la funso loyamba lili m'kaundula wa ku boma. Lachiwirili alidziwa ndi mphunzitsi ndi ana ake okha, ndipo ndilo ndingakonde kuti tizilifunsana.