Pogona pa Mwana ndi Amana

Kuyamikidwa konse nkwa Allah, amene anatipatsa ana natiika kukhala abusa awo. Madalitso ndi mtendere zikhale pa Mtumiki wake Muhammad, pa banja lake ndi pa maswahaba ake onse. Inu akapolo a Allah, ndikudzilangiza ndekha ndi kukulangizani inu kuti timuope Allah poyera ndi mseri, pabwalo ndi kuchipinda komwe.

Asilamu anzanga, mafoni afika ku Metangula, ku Cóbuè, ku Meluluca ndi m'midzi yonse ya m'mphepete mwa nyanjayi. Pa Facebook ndi pa WhatsApp timaona zithunzi za zipinda za ana a ku Maputo ndi ku Johannesburg: makoma opakidwa utoto, mwana aliyense bedi lake, kabati yodzaza zidole. Wina akaona amasirira mpaka kukatenga ngongole. Wina amapukusa mutu nati zimenezo nza anthu a ndalama, mwana wa msodzi amagona pamene tulo tampezera. Funso la khutba ya lero lili pakati pa anthu awiriwa. Kodi mwana amayenera chiyani pa malo ake ogona, ngakhale nyumba ili ya zipinda ziwiri ndi denga la udzu? Nanga kukongoletsa pogona pake nkuwononga chuma, kapena ndi mbali ya kulera?

Tiyambe ndi kutonthoza mtima wa wosauka. Mayi wathu Aisha, Allah asangalale naye, anafotokoza kuti chogonera cha Mtumiki chinali chikopa choikamo luzi la mtengo wa tende. Umar bin Khattab anampeza tsiku lina atagona pa mkeka, mkekawo utadinda mizere m'nthiti mwake, ndipo Umar analira. Ngati wolemekezeka kuposa anthu onse ankagona chotero, ndiye kuti mphasa ya bango si manyazi, ndipo matiresi a mtengo wapatali si chizindikiro cha kholo labwino. Chipembedzo sichikutifunsa mtengo wa chogonera. Chikutifunsa zinthu zinayi zimene wosauka ndi wolemera angazikwanitse mofanana: malire, chilungamo, chitetezo ndi ukhondo.

Choyamba ndi malire. Mu hadith imene anailandira Abu Dawud, Mtumiki analamula kuti ana aphunzitsidwe swala ali ndi zaka 7, ndipo akafika zaka 10 asiyanitsidwe pogona. Mu Surat An-Nur, ndime 58, Allah anatchula nthawi zitatu zimene mwana wosatha msinkhu ayenera kuodira asanalowe kumene kuli makolo: swala ya m'mbandakucha isanafike, masana pamene anthu avula zovala kuti apumule, ndi pambuyo pa swala ya Isha. Ndime yotsatira ikuti akatha msinkhu aziodira nthawi zonse. Taganizirani, abale anga: munthu angaodire bwanji pamene palibe chitseko, ngakhale nsalu? Lamulo lakuodira likutiuza kuti pakati pa pogona pa makolo ndi pogona pa ana payenera kukhala chotchinga. Manyazi ndi nthambi ya chikhulupiriro, ndipo manyazi amaphunziridwa m'nyumba, usiku, mwana asanadziwe nkomwe dzina lake la chinthucho.

Wina anena kuti: Shehe, nyumba yanga njaing'ono, ana ndi asanu ndi mmodzi, ndiwaika kuti? Funsoli nloona, ndipo Allah salemetsa munthu ndi zimene sangathe. Ophunzira a malamulo a chipembedzo anafotokoza kuti pamene malo achepa, kusiyanitsa kumayambira pa chofunda: mwana aliyense wamkulu akhale ndi chofunda chakechake, anyamata mbali yawo, atsikana mbali yawo. Kapulana yopachika pa chingwe imasandutsa chipinda chimodzi kukhala ziwiri. Bango limene timamangira mipanda ndi mathandala oyanikapo usipa likhoza kumanganso chotchinga m'kati mwa nyumba. Makolo athu akale, opanda simenti ndi malata, ankamangira achinyamata gowelo, ndipo atsikana ankagona pafupi ndi agogo awo aakazi. Iwo anadziwa kuti mwana akasinkhuka sagonanso kumapazi a mayi ake.

Komabe kusiyanitsa si kutaya. Gowelo lomangidwa kutali, lopanda chitseko cholimba, kumene kholo silipondako, lasanduka khomo la mavuto ambiri. Kunyanja kuno amuna ambiri amachezera usiku wonse pamadzi ndi nyali za usipa, ndipo m'madoko mumabwera alendo ogula nsomba ochokera kutali. Mlendo alandiridwe, adye, apatsidwe pogona, pakuti kulemekeza mlendo nkwa chipembedzo chathu. Koma asagonekedwe m'chipinda cha ana, kaya ndi mlamu, kaya ndi msuweni, kaya ndi mnzathu wa pa ngalawa. Mwana akagwiriridwa, kawirikawiri womgwirirayo amakhala munthu wodziwika pakhomopo. Dziko la Mozambique linakhazikitsa mu 2019 lamulo loletsa kukwatiwitsa mwana wosafika zaka 18, ndipo maukwati ambiri otere amayamba ndi mimba imene inabwera chifukwa usiku panalibe woyang'anira. Fodya wako ndi uyo ali pamphuno: mwana amene ukumtetezayo ndi amene ali m'nyumba mwako lero.

Chachiwiri ndi chilungamo. Bukhari ndi Muslim analandira nkhani ya Nu'man bin Bashir, amene bambo ake anampatsa mphatso nafuna kuti Mtumiki akhale mboni. Mtumiki atamva kuti ana enawo sanapatsidwe zofanana, anakana kuikira umboni, ndipo mphatsoyo inabwezedwa. Tsono tiyeni tilowe m'nyumba zathu usiku ndi kuwerenga. Ndani akugona pa matiresi, ndani pa thumba? Mwera ukamaomba m'miyezi ya Juni ndi Julaye, bulangete lili pa ndani? M'makomo ambiri mwana wamasiye, mwana wopeza, kapena mwana wa mchemwali amene tikumlera ndiye amagona pakhomo, kukhitchini, kapena pakati pa makoka ndi matumba a usipa. Mwanayo sadandaula, koma amaona, ndipo Allah amaona. Mtumiki analonjeza kuti wolera mwana wamasiye adzakhala pafupi naye ku Jannah. Kulerako kumayesedwa pa chinthu chaching'ono ngati chofunda. Chimodzimodzi bambo wa mitala: ana a nyumba yaikulu ndi ana a nyumba yaing'ono amamva kuzizira mofanana.

Chachitatu ndi chitetezo. Udzudzu wopereka malungo umaluma usiku, ndipo amene malungo amawapha msanga ndi ana osafika zaka 5. A zaumoyo amagawa masikito kwaulere kuti tipachike pamene ana amagona. Ena mwa ife tasandutsa masikitowo kukhala ukonde wokokera tiana ta nsomba m'mbali mwa nyanja, kapena mpanda wa dimba ndi khola la anapiye. Pamenepo talakwira kawiri: mwana tamsiya kwa udzudzu, ndipo nsomba zimene akanadzawedza akakula tazitha zisanaswane. Masikito amene analembedwa m'dzina la mwana ndi amana ya mwanayo. Kumbukiraninso moto. Ku Madina nyumba ina inapsa usiku pamodzi ndi eni ake, ndipo Mtumiki atamva analamula kuti moto uzizimitsidwa pogona. Koloboyi, kandulo ndi mbaula zisatsale zoyaka pamene ana agona, ndipo chigubu cha petulo wa injini ya boti chisasungidwe m'chipinda chawo.

Chachinayi ndi ukhondo ndi dongosolo. Mtumiki anatiphunzitsa kukutumula pogona tisanagonepo, kugona ndi udhu, kugonera mbali ya kumanja ndi kumtchula Allah. Mphasa ndi zofunda ziyanikidwe padzuwa kuti nsikidzi, nthata ndi mphere zisapeze malo. Msomali umodzi pakhoma wopachikapo chikwama cha kusukulu, chingwe cha zovala, dengu la mwana aliyense, ndi kathabwa kapamwamba koikapo juzu ya ku madrasa: zimenezi nzokwanira kuphunzitsa mwana kuti chinthu chili chonse chili ndi malo ake. Mwana amene wazolowera kupinda mphasa yake ndi kusesa pogona pake m'mawa akuphunzira udindo umene adzasungire banja lake mawa. Mtengo umaongoka ukadali waung'ono.

Nanga kukongoletsa? Allah ndi wokongola ndipo amakonda kukongola. Kuzira pansi ndi dothi labwino, kupaka laimu kukhoma, kupachika nsalu yowala, kumlola mwana kumata zilembo za Chiarabu ndi za kusukulu zimene walemba yekha, zonsezi nzabwino. Ngakhale zidole zili ndi malo ake. Abu Dawud analandira kuti Mtumiki anaona zidole za Aisha, pakati pake pali kavalo wamapiko, ndipo atamva yankho lake anaseka osamletsa. Malire ake ndi awa: kukongoletsa kusatilowetse m'ngongole ya katapila, kusadye ndalama ya ufa ndi ya makope, ndipo kusachitidwe kuti aneba aone. Funso lodzifunsa nlakuti: ndikuchitira mwanayu, kapena ndikuchitira maso a anthu?

Abale ndi alongo anga m'Chisilamu, aliyense wa ife ndi m'busa, ndipo adzafunsidwa za zimene anapatsidwa kuti awete. Usiku wa lero, swala ya Isha ikatha, bambo ndi mayi atenge tochi akaone pamene mwana aliyense wagona, amene wagona naye pafupi, chimene wafunda, ndi ngati masikito atsitsidwa. Chosowa chikonzedwe Ijumaa ina isanafike.

Tikumpempha Allah atisungire ana athu ali mtulo ndi ali maso, awateteze ku matenda ndi ku manja a anthu oipa, atipatse chilungamo pakati pawo, ndipo atikhululukire ife, makolo athu ndi Asilamu onse. Amin.