Musamuyalire mkeka pakhonde

Adzukulu anga, sendezani mipando kuno, ndili ndi mawu pa za abale athu osaona. Mukayenda kuchokera ku Kande kudzera ku Bandawe mpaka pamsika wa Chintheche, simungalephere kupeza khomo limene munthu wina amangokhala pakhonde tsiku lonse, wailesi ili pambali, kudikira kuti amubweretsere kondowole. Mukafunsa, eni khomo amati, "Nanga atani poti maso adafa?" Amamutungira madzi, amamuchapira, salola kuti agwire ngakhale tsache. Iwo amati n'chikondi. Ine ndimati n'kumuika m'manda asanamwalire, ndipo sindifuna kuti inu mudzatengere zimenezi.

Choyamba n'chipatala, ndipo apa sinditalikitsa. Agogo ambiri amene timati ukalamba wawatseka maso amakhala ndi ng'ala chabe, imene madokotala amachotsa ndi opaleshoni yaifupi, munthu n'kuonanso. Yambirani pachipatala chathu cha Chintheche; zikakhala zazikulu adzakutumizani kuboma ku Nkhata Bay kapena ku Mzuzu. Musathire madzi a masamba m'diso la munthu, musataye miyezi mukusaka amene wamulodza. Matenda a maso amagonja ndithu: mu 2022 bungwe la WHO lidalengeza kuti Malawi wathana ndi trachoma, nthenda ija yopindira chikope mkati mpaka nsidze n'kumakanda diso. Komabe alipo ena amene dokotala adzawauza kuti maso sabwereranso. Nkhani yanga ili pa amenewo.

Padooko pathu pano padali bambo wina, msodzi wa chilimira, amene adasiya kuona ana ake akadali aang'ono. Zopita kunyanja usiku zidathera pomwepo, koma ukonde ankaudziwa. M'mawa anzake akautambasula pamchenga, iye ankakhala pansi, n'kuukola ndi chala chachikulu cha kuphazi kuti ukungike, zala za m'manja n'kumayenda pang'onopang'ono mpaka zitapeza pong'ambika. Ankayamba wadula tiulusi tothothoka, n'kuwerenga mfundo za mbali iyi ndi iyo, kenako n'kumasoka, mfundo iliyonse akuikoka kuti amve ngati yagwira. Eni maukonde ankachita kumulimbirana, osati pomumvera chisoni ayi, koma poti chigamba chake sichinkamasuka ngakhale mwera uvute bwanji. Ana ake adaphunzira ndi ndalama imeneyo. Kwa amayi n'chimodzimodzi. Kusenda chinangwa, kutsina choviika kuti udziwe ngati chafewa, kusinja, kutembenuza usipa pathandala, kuluka mphasa, kuweta nkhuku: zonsezi manja amazidziwa kale, chimene chimasowa ndi wina woti anene kuti, "Mayi, bwerani tigwire."

Chimene chimandiwawa kwambiri ndi mwana wotsogolera. Kholo likachita khungu, banja limasankha mwana mmodzi, kawirikawiri wamkazi, kuti azilikoka dzanja kulikonse. Sukulu ya mwanayo imathera pomwepo. Ena amafika pokwera naye minibasi kukapempha m'misewu ya mu Mzuzu. Pamenepo khungu la munthu mmodzi lalemaza anthu awiri, pamene ilipo ndodo yoyera. Si ndodo yotsamira ngati yangayi; mwini wake amaiyendetsa uku ndi uku patsogolo pake, iyo n'kumamuuza za dzenje, muzu kapena mwala phazi lisanafike. Kuyenda nayo amachita kuphunzira, ndipo akaizolowera amapita yekha kumjigo, kutchalitchi ngakhale kumaliro. Pa 15 October chaka chilichonse mayiko amakumbukira ndodo imeneyi. Inu a kabaza, ndi inu amene mumathamangitsa njinga zamoto pamsewu wa M5, mukaiona chepetsani liwiro.

Kuno kunyanja mchenga umameza kulira kwa ndodo, koma mafunde amamuuza munthu kumene kuli madzi ndi kumene kuli mtunda. Inu muthandizeni ndi zazing'ono. Mangani chingwe kuchokera pakhomo mpaka kuchimbudzi. Musasiye khasu kapena beseni panjira. Mpando ukakhala kudzanja lamanja la chitseko, uzikhala komweko. Mukamupeza, tchulani dzina lanu pomupatsa moni, ndipo pochoka tsanzikani, asatsale akuyankhula ndi mtengo wa mango. Akafuna kuti muyende naye, iye ndiye agwire chigongono chanu, inu mukhale patsogolo pang'ono, musamukoke ndodo. Ndipo lekani kufunsa amene ali naye kuti, "Kodi awa amwa tiyi?" Makutu ali nawo, pakamwa ali napo.

Za ana obadwa osaona, kapena ochita khungu ali aang'ono, ndinene mosabisa: kubisa mwana wotere m'nyumba n'kumulakwira. Ife a kuno sitiyenera kudabwa nazo sukulu zapadera, poti ku Bandawe tili nayo ya ana osamva. Ya ana osaona iliko kuboma ku Nkhata Bay, pa St Maria Goretti. Kulinso ku Ekwendeni, ndi ku Chilanga m'boma la Kasungu. Aphunzitsi ake amaphunzira ku koleji ya Montfort ku Nguludi, m'boma la Chiradzulu. M'sukulu za osaonazi mwana amawerenga ndi nsonga za zala, zilembo za timadontho totukuka tosapitirira tisanu ndi kamodzi pa chilembo chilichonse. Amene adazikonza, Louis Braille wa ku France, adachita khungu ali mwana, ndipo mu 1824 adali ndi zaka 15 zokha pamene adakonza njira yakeyi. Lero mayeso a MANEB amalembedwanso m'zilembo zimenezi, ndipo m'dziko muno muli aphunzitsi osaona amene akuphunzitsa ana openya.

Boma lidayamba kalekale kuganizira za ntchito. Lamulo la 1971 ndilo lidabala bungwe la MACOHA, lomwe fakitale yake ya ku Bangwe mu Blantyre imadziwika ndi zoluka za anthu olumala, osaona ali momwemo. Ku Mulanje kuli sukulu yophunzitsa akuluakulu osaona ntchito zamanja ndi ulimi. Mu 2012 kudabwera lamulo loletsa kusala munthu pantchito kapena pasukulu chifukwa cha ulumali, ndipo la 2024 lidalowa m'malo mwake, MACOHA n'kusanduka MACODA. Osaona eni ake ali ndi bungwe lawo, Malawi Union of the Blind. Zonsezi n'zabwino, koma taonani kumene zili: Bangwe ndi Mulanje n'kutali, ndipo fakitale imodzi singalembe osaona a dziko lonse. Lamulo silidzatsika lokha m'basi pa Chintheche kudzagawa ntchito. Mawa lino ndinu amene mudzakhale eni zilimira, eni magolosale, akapitawo m'malo ogona alendo a m'mbali mwa nyanjayi, mamembala a makomiti a chitukuko cha m'mudzi. Munthu wosaona akadzabwera kudzafunsa ntchito, mudzamufunse zimene amatha, mumuyese, ndipo akaigwira mumulipire monga mulipirira wina aliyense, osati theka poti "n'kungomuthandiza".

Musaganizenso kuti wosaona aliyense ndi woimba. Allan Namoko wa ku Thyolo adatchuka ndi banjo yake chifukwa luso adali nalo, osati chifukwa cha khungu. Wina mutu wake ndi wa masamu, wina wa malonda, wina ndi mlimi.

Pa ndalama ndipo pamagwa ambiri a inu. Mayi wosaona akagulitsa usipa kapena zitumbuwa, pamapezeka mnyamata womupatsa K500 n'kunena kuti ndi K2,000. Wina amamusungira nambala yachinsinsi ya Airtel Money kapena Mpamba, ndalama ya Mtukula Pakhomo ikafika n'kutapako. Kumeneko n'kuba, ngakhale wobedwayo akhale agogo anu. Mafoni amene muli nawo m'matumbamo amayankhula: mu Android muli TalkBack, imene imawerenga mokweza chilichonse chimene chala chakhudza. Inu amene mumakhalira Facebook mpaka usiku, khalani naye masana amodzi mumuonetse, ndipo nambala yachinsinsi aisinthe yekha inu mutatembenuka. Ku banki mkhonde mulembeni dzina lake, azisonkha, azikongola, azibweza monga anzake onse. Ngongole imene wabweza yekha imamupatsa ulemu m'mudzi kuposa thumba la ufa limene mwamupatsa.

Amene muli ndi m'bale wotere kunyumba, musadikire alendo a mabungwe kuti adzamupeze. Pitani ku ofesi yoona za chisamaliro cha anthu kuboma ku Nkhata Bay, mukafunse za ndodo yoyera, za sukulu ndi za maphunziro a ntchito. Mupite naye mwini wakeyo, chiphaso chake cha unzika chili m'thumba mwake, ndipo mukalowa mu ofesimo inu mukhale chete, afotokoze yekha chimene akufuna.